Kukolola ndi kusunga madzi a mvula m'midzi ya kumapiri a Dedza

Chaka chilichonse pofika mwezi wa Okutobala, amayi ndi atsikana a m'midzi yambiri ya kumtunda kwa boma la Dedza amalawirira mbandakucha kukaika ndowa pamzere wa pamjigo, pomwe ena amatsetserekera kudambo kukadikira madzi m'zitsime zomwe zayamba kuphwa. Pakangotha miyezi iwiri, midzi yomweyo imakhala ikulimbana ndi madzi othamanga omwe amakumba zigwembe m'minda, kugumula zimbudzi ndi kuononga misewu. Kukolola madzi a mvula ndi ntchito yotchera madziwa pamene akugwa ochuluka m'dzinja ndi kuwasunga kuti adzathandize banja m'chilimwe.

Mawu akuti kukolola madzi adabwera ndi alangizi, koma mchitidwewo ndi wakalekale. Mayi aliyense yemwe amathamangira kukatchera beseni, ndowa kapena mtsuko pansi pa denga mvula ikayamba, akukolola madzi. Kusiyana kwa njira yakeyo ndi njira zomwe alangizi amaphunzitsa kuli pa kuchuluka kwa madzi osungidwa, ukhondo wake komanso kutalika kwa nthawi yomwe madziwo angakhale asanaonongeke.

Mapiri, mvula ndi komwe madzi amapita

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe pamsewu wa M1, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pamalekezera madzi a nyanja yamchere. Phiri la Dedza ndi lotalika mamita 2,198. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti m'bomali mudali anthu 830,512, ndipo ambiri mwa iwo ndi alimi a kumudzi.

Bomali lili ndi zigawo zitatu. Pali mapiri a Dedza, Chongoni ndi Bembeke, komwe kumazizira ndipo kumalimidwa mbatata ya kachewere, kabichi ndi nyemba zambiri. Pali chidikha cha ku Linthipe, Chimbiya ndi Lobi, chomwe chimalumikizana ndi cha Lilongwe. Ndiye pali dera lotentha la kunsi kwa mapiri, la ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti kwa Inkosi Kachindamoto, lomwe limakafika kunyanja ya Malawi. Kuchokera pamwamba pa mapiri kukafika ku Golomoti munthu amatsika mamita oposa 1,000 pamtunda waufupi, monga momwe amadziwira aliyense yemwe adayendapo pamsewu wokhotakhota wa Khwekhwelere.

Madzi a mvula amatsika chimodzimodzi. Mitsinje ya Linthipe, Namikokwe, Nadzipulu ndi Livulezi imasonkhanitsa madzi a kumtunda ndi kuwatsitsira kunyanja. Sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, yomwe idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, imadalira madzi a mtsinje wa Namikokwe. Choncho mvula yogwa kumapiri imakathirira mpunga kuchigwa, eni mapiriwo atatsala ndi ndowa zouma.

M'madera ambiri a bomali mvula ya pachaka imakhala pakati pa mamilimita 800 ndi 1,200, ndipo pafupifupi yonse imagwa kuyambira mu Novembala kufikira mu Epulo. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Okutobala kumangokhala chifunga ndi kamvula kowaza ka nyengo yozizira, komwe sikadzaza ngakhale ndowa. Pansi pa mapiriwa pali mwala wolimba, ndipo madzi apansi amapezeka m'ming'alu ndi m'dothi lofumbutuka la pamwamba pa mwalawo. Ichi ndi chifukwa chake mjigo wokumbidwa pachitunda umatulutsa madzi ochepa m'chilimwe kusiyana ndi wa m'mphepete mwa dambo. Kudulidwa kwa mitengo m'nkhalango za Dedza, Chongoni, Mua-Livulezi ndi Dzalanyama kwaonjezera vutoli, kaamba koti panthaka yopanda mitengo madzi amangothamanga osalowa pansi, ndipo akasupe amafulumira kuuma.

Kuwerengera madzi a padenga

Masamu a ntchitoyi ndi apafupi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo otalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imapereka lita imodzi ya madzi. Poyeza denga, mmisiri amayeza malo omwe dengalo laphimba pansi, osati kutalika kwa malata, poti kupendekeka kwa denga sikuonjezera mvula yogwerapo.

Nyumba ya malata yomwe denga lake laphimba mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi ili ndi masikweya mita 48. M'chaka cha mvula ya mamilimita 900, padengali pamagwa malita 43,200. Ena amatayika chifukwa cha mphepo, kuthovoka kwa ngalande ndi kutsuka denga, kotero akatswiri amawerengera kuti magawo asanu ndi atatu mwa khumi ndiwo angatcheredwe. Amenewa ndi malita 34,560, kapena kuti ndowa 1,728 za malita 20. Mvula imodzi yokha ya mamilimita 25, yomwe si yachilendo mu Januwale, imapereka malita 960 padenga lomweli, okwanira kudzaza migolo pafupifupi isanu ya malita 200.

Mlingo womwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limautenga ngati wochepetsetsa pa zofunika za pakhomo ndi malita 20 pa munthu patsiku. Banja la anthu asanu lingafune malita 100 patsiku, ndipo m'masiku 184 a kuyambira pa 1 Meyi mpaka pa 31 Okutobala lingafune malita 18,400. Denga lija limapereka madzi oposa pamenepa, koma thanki ya malita 18,400 ndi ya mtengo womwe mabanja ambiri a kumudzi sangaukwanitse. Apa ndi pomwe ambiri amagwera mphwayi, chonsecho pali njira ina yowerengera.

Banja likapatula madzi a m'thanki kuti akhale akumwa ndi ophikira okha, malita 5 pa munthu patsiku, limagwiritsa ntchito malita 25 patsiku, omwe pa masiku 184 aja ndi malita 4,600. Thanki ya malita 5,000 ikhoza kulifikitsa banjalo kumvula yotsatira, madzi ochapira ndi osamba akuchokerabe kudambo kapena kuchitsime. Malita 4,600 ndi ndowa 230, iliyonse yolemera makilogalamu 20, zomwe mayi kapena mtsikana akadasenza pamutu kukwera nazo chitunda. Komwe ulendo wa kumjigo ndi kudikira pamzere zimatenga ola lathunthu, amenewo ndi maola 230 opulumutsidwa pachaka.

Ngakhale banja lopanda thanki limapindula. M'dzinja, nthawi yomwe zitsime zosatetezedwa zimadzaza matope ndi zonyansa zokokoloka kuchokera kumtunda, migolo iwiri ya malita 200 imasunga madzi akumwa ndi ophikira okwanira masabata awiri. Nthawi imeneyi ndi yofanana ndi ng'amba yomwe imakonda kuchitika pakati pa dzinja.

Denga la udzu ndi nkhani ina. Udzu umamwa madzi ambiri, ndipo omwe amatsika amakhala ochepa, ofiirira ndi onunkha utsi. Madziwa ndi othirira mitengo, kuumbira njerwa kapena kuzirira nyumba basi.

Denga, ngalande ndi madzi oyamba

Malata abwino ndi osachita dzimbiri komanso osapakidwa utoto wokhala ndi mtovu. Nthambi za mitengo zoyangira padenga ziyenera kusadzidwa poti zimagwetsa masamba ndipo mbalame zimaterapo. Khomo lomwe lili ndi khola la nkhunda pafupi ndi nyumba liyenera kusamala koposa, chifukwa zitosi zake zimathera padenga pomwepo. Miyala, zipika ndi matayala omwe anthu amatsindira malata poopa mphepo nazonso zimasunga fumbi ndi tizilombo.

M'mphepete mwa denga mumaikidwa ngalande yosonkhanitsa madzi, ya lata kapena ya paipi ya pulasitiki yong'ambidwa pakati. Osula zidebe m'misika ya Dedza, Chimbiya ndi Linthipe amatha kupinda lata kukhala ngalande yotere, ndipo nsungwi yaikulu yong'ambidwa ndi kuchotsedwa mfundo imagwiranso ntchito kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Ngalande iyenera kupendekera pang'ono kuthanki, pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse, ndipo imangiriridwe zolimba. Mathanki ambiri omwe amapezeka ouma alibe vuto lililonse m'kati. Chomwe chidachitika ndi chakuti ngalande idagwa ndi mphepo kapena idatsekeka ndi masamba, ndipo padalibe woikonza.

Madzi oyamba kutsika padenga saloledwa kulowa m'thanki. M'miyezi ya chilimwe padenga pamaunjikana fumbi, phulusa la moto wa lupsa, zitosi za mbalame ndi ndowe za abuluzi ndi makoswe. Mvula ya chizimalupsa, yomwe imagwa dzinja lisanakhazikike, ndi yotsukira denga, ndipo paipi yopita kuthanki iyenera kukhala yochotsa kufikira mvula yeniyeni itagwa kamodzi kapena kawiri. Pambuyo pake, mvula ikabwera patadutsa masiku angapo kuli dzuwa, ndowa yoyamba kapena ziwiri zimapatulidwa kukhala zothirira mbewu. Amisiri ena amaika paipi yoimirira yotsekedwa kunsi, yomwe imayamba kudzaza ndi madzi akudawo, oyera n'kumadutsa pamwamba kupita kuthanki. Paipiyi imathandiza pokhapokha mwini nyumba akamakumbukira kuikhuthula mvula ikakata.

Polowera m'thanki pamakhala sefa ya waya kapena nsalu yolimba. Pamwamba pamakhala paipi yotulutsa madzi osefukira, yomwe iyenera kulozetsedwa kudzenje la nthochi kapena kudimba la pakhomo, kutali ndi maziko a nyumba ndi chimbudzi. Mpopi umaikidwa masentimita angapo pamwamba pa tsinde la thanki kuti matope okhazikika pansi asamatuluke nawo.

Zosungiramo madzi

Mtsuko ndiwo chosungiramo chakale kwambiri, ndipo umaziziritsa madzi bwino, koma sulowa madzi ambiri. Mgolo wachitsulo kapena wapulasitiki wa malita 200 ndiwo umapezeka m'makomo ambiri. Chofunika kufunsa pogula mgolo ndi chomwe mudali poyamba. Mgolo womwe mudali mankhwala a mbewu, mafuta a galimoto kapena utoto susungiramo madzi akumwa ngakhale utatsukidwa kangati.

Mathanki a pulasitiki a malita 1,000 mpaka 10,000 amagulitsidwa m'masitolo a zomangira. Sachedwa kuika ndipo sathonya akakhala atsopano, koma ndalama yake imafunika yonse pakamodzi, kuphatikizapo ya galimoto yonyamulira kukafika kumudzi. Akhale akuda kapena obiriwira kuti dzuwa lisalowe, poti kuwala ndiko kumameretsa ndere.

Thanki ya njerwa ndi simenti imamangidwa ndi amisiri a m'mudzi momwemo. Iyenera kukhala yozungulira, chifukwa ya ngodya imayambira kung'aluka m'ngodyamo, ndipo pakati pa mizere ya njerwa pazikhala waya wozunguliza. Ina ndi thanki ya waya ndi simenti, yomwe khoma lake ndi lopyapyala: amisiri amaimika waya wonga wa khola la nkhuku pamodzi ndi waya wokhuthala, kenaka n'kumata mbali zonse ziwiri ndi simenti yosakaniza muyezo umodzi ku miyezo itatu ya mchenga wosefa. Thanki yozungulira ya mamita 2 m'mimba mwake ndi mita 1.6 kutalika imalowa malita pafupifupi 5,000.

Palinso thanki yooneka ngati chipanda, yodziwika ndi dzina loti Calabash, yomwe idayambira m'dziko la Guinea-Bissau ndipo amisiri ena a m'dziko muno adaphunzira kuimanga. Chikombole chake ndi cha zidina, zomwe zimagumulidwa simenti ya m'kati ikagwira, ndipo tsinde lake lozungulira limagawa kulemera kwa madzi mofanana mbali zonse.

Madzi okwana malita 5,000 amalemera matani 5. M'midzi ya pamatsitso, monga yambiri ya ku Bembeke ndi kuzungulira phiri la Dedza, thanki siyenera kumangidwa padothi lothira. Maziko akumbidwe mpaka panthaka yolimba, ndipo kumtunda kwake kukhale ngalande yopatutsa madzi othamanga. Kutsetsereka kwa malo kuli ndi ubwino wakenso: thanki ikakhala kumunsi kwa nyumba, ngalande ya padenga imafikira pamwamba pake mosavuta ndipo ndowa imakwana pansi pa mpopi popanda kukumba dzenje.

Mathanki apansi amalowa madzi ambiri pamtengo wochepa poti nthaka yozungulira imachirikiza khoma, ndipo amatha kulandira madzi a pabwalo. Kuipa kwake ndi koti kuthonya sikuoneka, mizu ya mitengo imaboola khoma, ndipo madzi a pabwalo si akumwa. Thanki yapansi yopanda chivundikiro cholimba ndi msampha wa ana ndi ziweto.

Ukhondo wa madzi

Madzi a mvula sakhala ndi mchere womwe umamveka m'mijigo ina, ndipo sopo amachita thovu msanga. Alibenso mchere uja wa fluoride womwe umathimbiriritsa mano, womwe udapezeka wochuluka m'madzi apansi a ku Nathenje m'boma loyandikana nalo la Lilongwe. Komabe madzi odutsa padenga sangatengedwe ngati opanda tizilombo. Akumwa ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala a klorini, kaya WaterGuard kapena omwe alangizi a zaumoyo amagawa m'midzi, ndipo padutse mphindi 30 asanamwedwe. Pamalo okwera ngati Dedza madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95 m'malo mwa 100, koma akabwata kwa mphindi yathunthu tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba timafa ndithu.

Mliri wa kolera womwe udayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka 2023, woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino, udagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Udafika pachimake m'miyezi ya mvula, nthawi yomwe madzi oyera amakhala akutayika padenga lililonse la malata.

Nthawi zambiri madzi amadetsedwa atatuluka kale m'thanki, ndi manja, chikho chotungira kapena chigubu chosatsuka. N'chifukwa chake kutunga pampopi kumaposa kumiza ndowa kuchokera pamwamba. Pena paliponse potseguka pakhale sefa kuti udzudzu usaikire mazira, makamaka ku Mtakataka ndi Golomoti komwe malungo ndi ochuluka kusiyana ndi kumapiri. Thanki imatsukidwa kamodzi pachaka, madzi akatsala pang'ono kutha, mvula isanayambe.

Kukolola madzi m'munda

Thanki ya padenga si yothiririra dimba. M'nyengo yotentha ndiwo zamasamba zimafuna malita pafupifupi 5 pa sikweya mita patsiku, kotero kadimba ka mamita 10 mbali zonse kangamalize thanki ya malita 5,000 m'masiku khumi. Madzi a mbewu amasungidwa bwino m'nthaka momwemo. Pa ekala imodzi, mvula ya mamilimita 900 ndi malita oposa 3,600,000, kuposa mathanki 700 a pakhomo.

Nthambi yoona za kasamalidwe ka nthaka mu unduna wa zamalimidwe yakhala ikuphunzitsa njira zingapo kudzera mwa alangizi. Mlimi amayamba ndi akalozera, mizere ikuluikulu yodula chitunda mopingasa, yomwe imayezedwa ndi chingwe kapena chipangizo cha Phiri Lino, ndipo mizere ina yonse imatsata akalozerawo. Pa akalozera pamabzalidwa udzu wa vetiva. Ngonyeka, timizere totseka m'makwawa, zimagwira madzi kuti alowe pansi pomwe agwerapo. Maswale ndi ngalande zokumbidwa mopingasa zomwe zimasunga madzi othamanga mpaka atalowa m'nthaka. Maenje obzalamo chimanga othiramo manyowa, pamodzi ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi, zimathandiza mbewu kupirira ng'amba.

M'madera a mvula yambiri ndi dothi lamakande, ngonyeka zikhoza kusunga madzi opitirira muyezo ndi kuoletsa mbatata ya kachewere, motero mlimi amazigumula mvumbi ukakhalitsa. Pamatsitso kwambiri, maswale osayezedwa bwino amasonkhanitsa madzi mbali imodzi n'kuphulika, ndipo chigwembe chake chimaposa chomwe chikadakumbika popanda swale. Dziwe lokumba lothiririra dimba likhale lakuya ndi lopapatiza, poti mu Seputembala ndi Okutobala dzuwa ndi mphepo zimauma madzi okwana mamilimita 5 kapena kuposerapo patsiku.

Ntchitozi zili ndi mbiri yowawa m'chigawo chino. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linkakakamiza alimi kuunda migula pansi pa malamulo omwe anthu ankawatcha malimidwe, ndipo olephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. M'chaka cha 1953 Inkosi Gomani ya ku Ntcheu idachotsedwa pampando itauza anthu ake kuti asamvere malamulowo potsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Luso la migula lidali labwino, koma chikakamizo chidalidetsa mbiri kwa zaka zambiri. Chitsanzo chosiyana ndi ichi ndi cha mlimi Zephaniah Phiri Maseko wa ku Zvishavane m'dziko la Zimbabwe, yemwe adamwalira mu 2015. Iye adakumba maenje ndi ngalande m'munda mwake mwa kufuna kwake, ndipo alimi a m'maiko ambiri ankapita okha kukaphunzira kwa iye.

Ndondomeko za boma ndi zomwe maiko ena adachita

Ntchito yopereka madzi m'midzi ya dziko lino yakhala ikutsamira pa mipopi yotsika kumapiri ndi mijigo. Mipopi yoyenda yokha popanda injini idayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu mudayesedwa mjigo wa Maldev, womwe udabala mjigo wa Afridev wopezeka m'midzi yambiri ya mu Africa. Muyezo womwe boma lakhala likutsata ndi mjigo umodzi pa anthu 250, pamtunda wosaposa mamita 500 kuchokera pakhomo. Tauni ya Dedza imalandira madzi kuchokera ku bungwe la Central Region Water Board.

Njirazi ndi za gulu, zoyendetsedwa ndi komiti, pomwe thanki ya padenga ndi ya banja limodzi. Mtengo wa thanki ukagawidwa pa anthu asanu umaoneka wokwera kusiyana ndi wa mjigo wogawidwa pa anthu 250, ndipo ichi ndi china chomwe chidachititsa kuti madzi a mvula atsalire m'mapulani a chitukuko. Kuwerengera kotere kumaiwala makomo omwe ali pazitunda, komwe mjigo sungatulutse madzi, komanso okalamba ndi olumala omwe sangathe kusenza ndowa.

Ndondomeko ya dziko ya zamadzi idakhazikitsidwa mu 2005, ndipo lamulo la zamadzi la 2013 lidabweretsa bungwe la National Water Resources Authority loyang'anira katungidwe ka madzi ndi kumanga madamu. Bungwe la Rainwater Harvesting Association of Malawi, lomwe lidayamba m'zaka za m'ma 2000, lakhala likuphunzitsa amisiri ndi alimi za lusoli. Chidwi chimakwera pakagwa chilala, monga mu 2016 pomwe anthu oposa 6 miliyoni adafuna thandizo la chakudya, ndi mu Malichi 2024 pomwe mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi kaamba ka ng'amba ya El Niño. Mvula ikabwerera bwino chidwicho chimazilala.

Maiko ena adaitenga ntchitoyi ngati ya boma. M'zaka za m'ma 1980 dziko la Thailand lidaumba mitsuko ya simenti ya malita 2,000 mamiliyoni angapo m'midzi yake. Chigawo cha Gansu ku China, komwe madera ena amalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 300 okha pachaka, chidayambitsa mu 1995 ntchito yopatsa banja lililonse bwalo lotchererapo madzi, mathanki awiri ndi kamunda kothirira. Ku Brazil, kuyambira mu 2003 boma lidayamba kuthandiza ntchito yomanga mathanki miliyoni imodzi a malita 16,000 kuchigawo chouma cha kumpoto chakum'mawa. Ku Kitui m'dziko la Kenya anthu amamanga khoma kunsi kwa thanthwe lalikulu ndi kusunga madzi otsika pamwalapo. Matanthwe otere ndi ambiri ku Chongoni, Linthipe ndi madera ena a Dedza, ngakhale kuti malo a zithunzi zakale za pamiyala a Chongoni, omwe bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006, ndi otetezedwa ndipo sangakhudzidwe.

Mtengo, umwini ndi nthawi yomangira

Cholepheretsa chachikulu ndi ndalama yoyambira, makamaka ya simenti, waya ndi ngalande. Mabanja ena amayamba ndi ngalande ya mbali imodzi ya denga ndi mgolo umodzi, n'kumaonjezera chaka ndi chaka. Magulu a banki mkhonde akhoza kumangira membala mmodzi pa nthawi mosinthana, monga zimakhalira pa chipereganyu, mchenga, njerwa ndi madzi zikuchokera kwa eni ake.

Pasukulu ndi pachipatala denga ndi lalikulu ndipo madzi ndi ambiri, koma ogwiritsa ntchito ndi ochulukanso. Ana 500 akamamwa ndi kusamba m'manja malita 2 aliyense patsiku, thanki ya malita 10,000 imatha m'masiku khumi a sukulu. Thanki ya gulu imafuna munthu wodziwika wosunga kiyi wa mpopi, lamulo la katungidwe ndi kathumba kogulira mpopi wina ukathyoka. Popanda izi imagwira ntchito dzinja limodzi lokha.

Ambiri amakumbukira zomanga thanki mu Okutobala, ludzu litafika pakhosi, chonsecho imeneyi ndiyo nthawi yovuta kwambiri. Simenti imafuna kuthiriridwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti ilimbe, ndipo m'mwezi umenewu madzi ndi osowa, dzuwa ndi lamphamvu, khoma limauma msanga n'kuchita ming'alu. Miyezi ya Epulo mpaka Juni ndi yabwino ku Dedza: madzi akadalipo m'madambo, kunja kukuzizira, ndipo mlimi wangogulitsa mbatata kapena nyemba. Thanki yomangidwa nthawi imeneyi imakutidwa ndi masaka onyowa kapena udzu, ndipo m'kati mwake mumasiyidwa madzi ofika m'kakolo mpaka mvula ya Novembala itabwera.